Ekisikaveta yakale inandiphera msana ine ndikungoti ndazolowera

Ine ndine opareta wa ekisikaveta, zija kumudzi amangoti katapila olo zikhale za kampani ina. Ndinayamba ngati mnyamata wothira girisi, kunyamula masipanala, kupukuta mafyuluta, kenako mdala amene ankayendetsa anayamba kumandisiyira maliva nthawi ya nkhomaliro mpaka manja anagwira. Chandilembetsa izi ndi mnyamata wina amene tili naye pa sayiti pano, zaka sizinakwane 30, koma ndinamuona akutsika mu kebu, kachipinda kokhala woyendetsa, atagwira mchiuno ngati agogo ake. Nditamufunsa anangoti "ankolo ndi ntchito yake imeneyi, timazolowera". Mtima unandiwawa chifukwa mawu amenewo ndi omwe ndinkayankha ineyo kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo lero sindingakhale mu minibasi kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Ntcheu osapempha kuti nditsikeko ndiongole mwendo.

Bwana amene ndinkawagwirira nthawi imeneyo anali kontirakitala wamng'ono, ma tipa awiri ndi giredala imodzi yobwereka. Atapeza kangachepe anaitanitsa ekisikaveta ya matani 20 yogwirako kale ntchito ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam nkulowera pa Songwe pa lobedi, chilole chija chonyamulira mashini. Palibe cholakwika ndi zimenezo, makontirakitala ang'onoang'ono kuno ndi mmene amayambira, ma Komatsu PC200, ma Hitachi ZX200, ma Cat 320, ma Kobelco amene mumawaona mmisewumu ambiri anabwera atagwirako kale ntchito kwina, ena kudzera ku Joni. Ndi mashini olimba kwabasi. Mtundu wa yathuyo sinditchula chifukwa vuto silinali la amene anaipanga, linali la mmene anthu anaisungira isanafike kwa ife komanso mmene ifeyo tinaigwiritsira.

Inafika ikuwala, penti wachikasu watsopano mpaka mabawuti omwe, mita ya maola ikuonetsa 6,000 ndi kenakake. Tonse tinasangalala, bwana anagula zakumwa. Koma pali zinthu zomwe maso anga anaona tsiku loyambalo mutu osaziwerengera. Mapedulo oyendetsera anali atatha mpaka chitsulo kumanyezimira, mitu ya maliva inali yoterera ngati mpini wa khasu lakale, ndipo mpando unali ndi kava yatsopano koma ukaukhalira sunkatsika olo pang'ono. Ndinangoti mwina ndi mmene imakhalira mipando ya mtunduwu. Injini ikamalira yokha osagwira kanthu galasi loonera kumbuyo linkanjenjemera moti sumatha kuona nkhope ya munthu, chitseko chinkalira ngati malata a nyumba yosakhomedwa bwino. Ndinapinda katoni nkutsendera pa chitsekopo phokoso linachepa, basi nkhani nkuthera pomwepo.

Miyezi yoyamba tinkakumba mafawundeshoni ndi ngalande mu dothi lofewa ndiye sizinkaoneka kwenikweni. Zinayamba kuvuta titapeza ntchito ku kwale. Anachotsa baketi nkumangirira buleka, chihamala chija choswera miyala, ndipo ndinkakhala pamenepo kuyambira 6 mmawa mpaka dzuwa kulowa, nthawi zina ndi magetsi omwe chifukwa ndalama ya ovataimu inali yokoma ndipo ana anali pa sukulu. Komanso pofuna kupulumutsa ndalama ya lobedi, tikasintha malo bwana ankati ingoyendetsa, si patali. Ekisikaveta ikathamanga kwambiri ndi makilomita 5 pa ola, ndiye "si patali" ameneyo amakhala ola lathunthu kapena kuposa uli pa matcheni achitsulo, pa njira ya miyala, mano akugundana mkamwa. Ekisikaveta ilibe masipuling'i kunsi ngati galimoto, ilibe matayala a mpweya, chomwe chimakutchinjiriza ku nthaka ndi malabala amene kebu imakhalirapo ndi mpando wako basi. Ziwiri zimenezo zikafa ndiye kuti shoko yotsala ndi msana wako.

Poyamba unali kungouma mchiuno ndikaweruka, ndikagona mmawa nkudzuka bwino. Kenako unayamba kumandidzutsa usiku. Kenako ululu unatsika kuchoka mchiuno kudutsa kuthako mpaka kuseri kwa ntchafu ya kumanzere, ndipo zala ziwiri za kuphazi zinayamba dzanzi losatha. Manja nawonso ndikasiya maliva ankakhala ngati muli nyerere, kapu ya tiyi kumagwedera. Mayi a kunyumba ndi amene anayamba kudandaula, akuti "bambo ake, inu mukagona thupi lanu limakhala ngati likadali pa mashini, komanso masokosi mukuvala mutakhala pansi masiku ano, simunkatero". Ine yankho langa linali lomwe lija. Ndinkagula indosidi ndi bulufeni pa golosale nkumamwa mmawa ndisanadye kanthu kuti ndithe kukwera mu kebu, ndipo patapita nthawi mmimba namonso munayamba kuotcha. Chonde anzanga, mankhwala amenewa si maswiti, amaboola mmimba ndipo akamwedwa tsiku ndi tsiku amaononga impso, makamaka ife amene timakhala padzuwa osamwa madzi okwanira. Mayi anga kumudzi anafika poganiza kuti pali munthu wa nsanje ndi ntchito yanga, sindiwanena, mwana wawo ankatsimphina popanda ngozi iliyonse ndiye akanaganiza chani.

Chomwe sindinkalumikiza ndi choti nthawi yomweyo mashini nawonso ankadwala matenda ofanana ndi anga. Mabawuti a makava a mmbali ankangomasuka okha, lero wamanga mawa wagwa. Nyali za pa bumu, mkono waukulu uja wa mashini, zinkapsa sabata iliyonse. Ladiyeta inayamba kudontha pa ngodya, tinaiotcherera, patapita masabata atatu inadonthanso pomwepo. Ekizozi inathyoka pa khosi. Ma kilampa ogwira mapaipi a pa bumu awiri anasowa ndipo tinamanga ndi malabala a chubu cha galimoto. Waya wina anapekeseka mpaka mashini kumangozima okha pakati pa ntchito. Chilichonse tinkachikonza pachokha ngati tsoka la tsikulo, ndipo bwana anayamba kundiyang'ana ndi diso lina, amati "iwe uli ndi dzanja lolemera, ukuipha mashiniyi". Inali nthawi yovutanso, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya masipeya inapenga, ndalama zakunja kulibe, ndiye ukatchula sipeya iliyonse bwana nkhope imasintha. Ndinasiya kunena. Ndinkaopa kuti andichotsa nkuika wina, chifukwa anyamata ofuna mpando umenewo ndi ambiri.

Tsiku lomwe zinafika pa mapeto paipi yachitsulo ya pa bumu inang'ambika pamene panalibe kilampa paja, oyilo anapopera ngati mvula, buleka nkugwera pansi mwamphamvu, pafupi ndi pomwe panali mnyamata wondithandizira. Akanasuntha mapazi awiri okha bwenzi tikunena zina. Oyilo wa mmapaipi amenewa amayenda ndi mphamvu yoposa ma bar 300, ndiye ngati mukufuna pomwe pakudontha musamapapase ndi dzanja, tengani katoni muyandikize, chifukwa kadontho kopyapyala ngati singano kamatha kuboola khungu nkulowa mkati ndipo anthu amadulidwa zala nazo zimenezo.

Apa ndi pomwe bwana anaitana makaniko wina wachikulire amene anagwirapo ntchito mmigodi ya ku Zambia zaka zambiri. Mdala ameneyu ndimamulemekeza mpaka lero. Atasintha paipi ija sanapite, anati "mwana wanga, liza injini, usagwire kanthu". Anatenga botolo la madzi lomwe linali theka nkuliika pansi mu kebu, madzi aja anayamba kuvina mpaka kumenya kukhosi kwa botolo. Anandiyang'ana nkufunsa kuti wakhala pamenepa nthawi yaitali bwanji, nditawauza anapukusa mutu nkuti "ndipo msana ukuyenda nawo?" Aka kanali koyamba kuti munthu wina afunse za thupi langa poyang'ana mashini.

Njira yomwe anafufuzira ndikufuna aliyense aidziwe chifukwa siifuna kompyuta. Iwo amati kunjenjemera kulikonse kuli ndi kwawo, ndiye umakufunsa nthawi yomwe kumabwera. Ngati mashini akunjenjemera atangoima, maliva osagwidwa, ndiye kuti nkhani ili ku injini, malabala ake, fani, kapena chilumikizo cha pakati pa injini ndi pampu. Anakweza moto pang'onopang'ono akumvetsera, anaika sikuludiraiva yaitali pa injini chogwirira chili kukhutu, ndipo anapeza kuti silinda imodzi siikuotcha bwino, injekita, kachipangizo kopopera dizilo mu silinda, inali itatopa, mwina chifukwa cha dizilo wa mmadiramu amene tinkathira osasefa. Injini ya masilinda 6 ikamayenda ndi 5 imatsimphina ngati munthu, ndipo kutsimphinako kumamveka mashini onse. Atazimitsa analowetsa chitsulo kunsi kwa injini nkutukula pang'ono, injini yonse inanyamuka mbali imodzi, malabala awiri anali atang'ambika kalekale, ena atafewa ngati phala chifukwa cha oyilo amene ankawadonthera. Fani nayo phiko limodzi linali lobenthuka kunsonga ndipo wina anangopakapo penti. Ndi chifukwa chake ladiyeta sinkamva kuotcherera.

Kenako anati liza, gwira liva ya bumu pang'onopang'ono. Kukabwera phokoso ngati pampu ikutafuna miyala komanso mapaipi nkumadumphadumpha, ndiye kuti pampu ikumeza mpweya kapena ikusowa oyilo, mwina sefa ya mu thanki yatsekeka kapena paipi yokokera ikulowetsa mpweya, ndipo ukatsegula thanki oyilo amaoneka wa thovu. Yathu inali ndi kavuto kameneko pang'ono. Kenako anati tambasula mkono, ika baketi pansi, kankha ngati ukufuna kunyamula kutsogolo kwa mashini, iwo ataima chapatali akuyang'ana pa chiberingi chachikulu chija chomwe nyumba yonse imazungulirapo. Nyumba inkayamba yasuntha kaye matcheni asananyamuke, kusonyeza kuti chiberingi chatha, ndipo mabawuti atatu a pamenepo anali omasuka. Mapini ndi mabushi a ku baketi ndiye osanena, ukagwedeza liva baketi imayamba yati gwede kenako nkumvera. Mpata uliwonse wotere ndi hamala, nthawi iliyonse ukaima kapena kuyamba chitsulo chimamenya chinzake ndipo kumenyako kumathera pa mpando.

Matcheni ndiye linali vuto langa ndithu, ndivomere. Ndinkawapopa girisi mpaka kuuma gwa poopa kuti angavuke. Mdala uja anandionetsa kuti matcheni amafunika kulendewera pang'ono, muyeso wake uli mu buku la mashini aliwonse ndipo umasiyana, ukawakungitsa kwambiri amadya ma rola ndi mano a sipuloketi, gudumu lija lokoka matcheni, ndipo mashini amayenda modumpha. Ma rola awiri a kunsi anali atagwira osazungulira, atadyeka mbali imodzi kukhala afulati, ndiye poyenda zinali ngati ngolo ya gudumu lamakona. Anandichenjezanso kuti pophwetsa matcheni valavu ya girisi ija usamaimasule kupitirira kuzungulira kamodzi ndipo nkhope isakhale kutsogolo kwake, girisi wa mmenemo ndi wopanikizika, valavuyo ikhoza kufwamphuka ngati chipolopolo.

Koma chomwe chinandiliza, ndikunena misozi yeniyeni, ndi pomwe anavundukula labala lomwe limaphimba kunsi kwa mpando. Mpando wa ekisikaveta umakhala pa zitsulo zopingasa ngati sizasi, pali sipuling'i ndi kashoko kakang'ono, ndipo pali chopotokola chomwe umasintha molingana ndi kulemera kwako. Wanga shoko inali itafa, ndiye wina wake kaya ku Japan kaya panjira anaona kuti mpando ukugunda pansi, anatenga chitsulo cha engo nkuotcherera sizasi ija kuti isasunthenso, nkuveka kava yatsopano pamwamba. Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezo ndinkakhala pa chitsulo chokhomerera ku thupi la mashini, ngati kukhala pa mwala umene wina akuumenya ndi hamala. Malabala anayi a kunsi kwa kebu nawonso, aja amakhala ndi mafuta olimba mkati, atatu anali atatayikira ndi kuphwa. Mdala uja anawaitana bwana nkuwauza mosapsatira kuti "bwana, mnyamatayu alibe dzanja lolemera, mashini anuwa ndi amene akhala akumumenya, ndipo mita iyi musaikhulupirire, mapedulo awa sangathe chonchi ndi maola 6,000". Bwana anangoti chete. Sindikuwada, nawonso anagulitsidwa penti.

Kuchipatala ndinapita mochedwa, mwendo utayamba kukoka. Adokotala atandiyeza ndi kuona zithunzi anandifotokozera kuti pakati pa mafupa a msana pali timitsamiro tofewa, ndipo kamodzi ka mmunsi kanafinyika nkutuluka mbali, ndiye kakukanikiza mtsempha wopita ku mwendo. Anandifunsa ntchito yanga, nditawauza anati kukhala pansi maola ambiri, kupotokola thupi uku ukugwedezeka, ndi kunyamula zolemera ukangotsika, zitatuzi zikaphatikizana msana sulimba. Anandilembera mafizo ndipo ndinakhala miyezi itatu osakwera mashini, miyezi itatu yopanda ovataimu, ndalama yonse ija ndinkaithamangira inathera pomwepo ndi ngongole pamwamba. Pali chinthu chimodzi anandiuza chomwe ndikupempha mugwire: ngati msana ukuwawa ndipo mwayamba kumva dzanzi pakati pa miyendo kapena kumalo obisika, kapena mkodzo ukuvuta kutuluka kaya ukutuluka wokha, kapena phazi likugwa poyenda, musadikire mawa, musapite kogula mapilisi, thamangirani kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo chifukwa mitsempha imeneyo ikafa sibwerera.

Nditachira pang'ono ndinapeza ntchito pa pulojekiti ina yaikulu ya msewu komwe kunali munthu woona za chitetezo weniweni, osati wongogawa zipewa. Iyeyu anabwera ndi kachipangizo kooneka ngati mbale yafulati yalabala, amaika pa mpando iwe nkukhalira, ndipo kamayeza kugwedezeka komwe kukulowa mthupi. Ndi amene anandiuza kuti ku Ulaya kuli lamulo la 2002 pa nkhani imeneyi, ndipo ku Britain analikhazikitsa mu 2005. Amayeza pa tsiku la maola 8, muyeso wa kugwedezekako ukafika 0.5 bwana akuyenera kuchitapo kanthu, ndipo 1.15 ndi malire osayenera kudumphidwa. Manambalawo paokha sanandithandize kwenikweni, chomwe chinanditsegula mutu ndi ichi: kugwedezeka kukawirikiza kawiri, nthawi yomwe thupi lingapirire siitsika ndi theka ayi, imatsika kanayi. Ndiye kuti ngati pa mashini abwino ungakhale maola 8, pa mashini ogwedeza kawiri kuposa pamenepo maola 2 okha akukwanira kukupatsa mlingo womwewo. Ine ndinkakhalapo 11 kapena 12. Anatinso thupi la munthu limavutika kwambiri ndi kugwedezeka kokwera ndi kutsika ka 4 mpaka ka 8 pa sekondi, pamenepo msana ndi zammimba zimavinira limodzi ndi mpando ndipo mmalo mochepetsa thupi limaonjezera, ndipo mpando wabwino anaupanga kuti uzimeza kumeneko. Komanso pa ntchito zonse za ekisikaveta, kukumba dothi wamba ndi kopepuka, zopweteka ndi buleka, kukumba pa mwala, ndi kuyenda pa matcheni, zomwe ndi zitatu zomwe ine ndinkachita tsiku lililonse.

Kuno kwathu malamulo aliponso, Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997 imapatsa olemba ntchito udindo woonetsetsa kuti zipangizo sizikuvulaza antchito, ndipo pali Workers Compensation Act ya 2000 ya chipukuta misozi. Vuto ndi loti ambiri a ife timagwira opanda kalata iliyonse, ndipo msana si ngati chala chodulidwa chomwe aliyense waona magazi, umatha mwakachetechete ndiye bwana akhoza kunena kuti unabwera nawo. Ndiye mukapita kuchipatala uzani adokotala ntchito yanu ndi maola amene mumagwira, apempheni alembe mu buku lanu la kuchipatala, sungani bukulo, ndipo vuto la mashini mukawauza abwana kapena kapitawo lembani pa WhatsApp osati pakamwa pokha, tsiku lina mukadzapita ku ofesi ya leba mudzakhala ndi pogwira. Ine ndinalibe chilichonse cholembedwa.

Kwa mabwana amene mukufuna kugula mashini akale, ndikupempheni, tengani opareta ndi makaniko popita kukaona, ndipo ngati mukuitanitsa kunja uzani wogulitsayo akutumizireni vidiyo ya injini ikulizidwa itazizira, osati yotenthetsa kale, ndi zithunzi za mapedulo, za kunsi kwa mpando atavundukula labala, za malabala a kebu ndi a injini. Mita ya maola amasintha, ndi kachipangizo komasula ndi sikuludiraiva, koma pedulo, mano a sipuloketi ndi mipata ya mmapini sizinama. Penti watsopano pa bumu muzimupapasa, makamaka pomwe bumu imalumikizana ndi thupi ndi pomwe pamagwira masilinda, mukamva chotupa kapena chigamba ndiye kuti panang'ambikapo. Mukaona mapaipi owonjezera opita kunsonga kwa mkono dziwani kuti mwina inkagwira ndi buleka, ndipo ola limodzi la buleka si lofanana ndi ola la kukumba mchenga. Masulani pulagi ya oyilo wa ma final drive, magiya aja oyendetsa matcheni, muone ngati muli tizitsulo. Ndipo powerengera mtengo onjezeranipo malabala ndi mpando kuyambira pachiyambi. Bwana wanga uja anadandaula mtengo wa zinthu zimenezi, koma akanaphatikiza ladiyeta yomwe pamapeto pake anagula yatsopano, mapaipi, oyilo wotayika, masiku omwe mashini anaima kasitomala akudikira, ndi mng'alu womwe tinadzaupeza pa phazi la bumu, akanaona kuti malabala anali otchipa kutalitali.

Ineyo mmene ndimagwirira pano zinasintha. Mmawa ndisanalize ndimazungulira mashini, mabawuti akuluakulu ndinawalemba mzere wa penti kuchoka pa mutu kufika pa chitsulo ndiye likasuntha ndimaona ndi maso. Girisi wa ku baketi ndi tsiku lililonse, sindidikira kuti ilire. Botolo la madzi la mdala uja ndimaliikabe pansi ndikangoliza, madzi akayamba kuvina kuposa dzulo ndimafufuza. Mpando ndimausintha ndekha ndikalowa, makamaka ngati usiku kunali mnzanga wonenepa, uzikhala pakati, osagunda pansi osagundanso mmwamba, ndipo chikwama cha ndalama ndimachotsa mthumba la kumbuyo, lamba ndimamanga. Ndisanayambe kukumba ndimasalaza kaye pomwe mashini akhale, mphindi 10 zokha, chifukwa mashini okhala pa mwala mbali imodzi amakugwedeza tsiku lonse. Maliva ndimagwira mofatsa, silinda sindiifikitsa kumapeto kuti igunde, baketi sindiimenyetsa pansi pofuna kugwetsa dothi lomata. Pa buleka chitsulo chiime chilili pa mwala, ndikanikize kaye ndisanamenye, mwala ukapanda kusweka pa kanthawi kosafika miniti ndimasuntha kuyambira mmphepete, sindimenya mmalere ndipo sindipana mwala ndi chitsulocho ngati mgwala. Poyenda ndi giya yotsika pa miyala, ndipo mtunda ukatalika ndimawauza abwana kuti lobedi ibwere. Ola lililonse kapena awiri ndimatsitsa baketi, kuzimitsa, kutsika chafutambuyo nditagwira zogwirira, kuyendayenda pang'ono. Kudumpha kuchoka pa tcheni ndinasiya, ndipo chigubu cha dizilo sindinyamula nditangotsika kumene, msana umakhala usanabwerere mmalo.

Mnyamata wa pa sayiti uja ndinamuona atagwira mchiuno ndinamutengera ku mashini ake Lachisanu pa nkhomaliro, ndinavundukula labala la kunsi kwa mpando, tinapeza chidutswa cha thabwa atachikhomera pakati pa sizasi. Akuti anachipeza momwemo ndipo ankaganiza kuti ndi chothandiza. Tinajambula, tinajambulanso malabala a kebu omwe awiri ndi onyowa ndi mafuta, ndipo anatumiza kwa kapitawo ine ndili pomwepo chifukwa yekha ankaopa. Ndamuuza kuti Lolemba apemphe chilolezo apite kuchipatala ndi buku lake, dzanzi lake lafika kale pa bondo, ndipo ndidzakhala naye limodzi pokaonana ndi abwana ake.